Ndevu za Che Issufo

Mutu Wachisanu

1. Wometa wa pa bulugamu

Germano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, koma kudzimva kwake kunali kwa munthu amene anamanga Vila Cabral yonse ndi manja ake. Chomupatsa matamawo chinali chochepa zedi. Anatsiriza kalasi yachitatu ku sukulu ya mishoni, kenaka anasesako miyezi iwiri m'nyumba yometera azungu kumtunda kwa tauni. Ndati kusesa, osati kumeta. Lumo la mzungu uja sanalikhudzepo ndi kamodzi komwe, koma mukanamumva akufotokoza mukanati bwanamkubwa anametedwa ndi iye.

Ntchitoyo itatha, anachokako ndi chinthu chimodzi chokha: pepala limene analitola m'zinyalala, lokhala ndi zithunzi za mitu ya azungu ndi kametedwe kake. Ankalipinda bwinobwino n'kumayenda nalo m'thumba la malaya, pamene anzake ankasunga kadeneta, chiphaso cha boma.

Mayi ake atatopa kumuona akungozungulira m'dera lawo la Sanjala manja ali m'thumba, anakamutula kwa mlongo wawo, a Pascoal, kuti aphunzire ntchito.

A Pascoal ankameta anthu pansi pa bulugamu wamkulu kuseri kwa msika. Zipangizo zawo zinali mpando umodzi wa mwendo womanga ndi waya, benchi la odikira, malumo awiri, sizasi, chipeso, lamba wonolera amene anamukhomera pamtengo, ndi kagalasi kothyoka ngodya. Pa mpando umenewo panakhalapo alimi a mbatata a ku Lione, ogulitsa nsomba ochokera kunyanja, akatekisiti, mashehe, onse. Munthu ankachokapo mutu uli ngwee, wopanda ndi kabala kamodzi.

Germano zonsezi ankaziyang'ana ndi mphuno. Amalume ake ankawatcha wometa wa m'tchire, iye n'kumadzitcha balubeyiro, monga Apwitikizi amatchulira wometa. Alimi akakhala pabenchi ankati akununkha utsi. Ndevu za m'mbali mwa khutu sankazitcha ndevu, ankati patilya, ndipo mawuwo ankawatchula mokweza kuti ogulitsa nyemba amve kuti pano pali munthu wophunzira.

Tisamunamizire, dzanja anali nalo. Pa miyezi isanu anali atadziwa kunola lumo ndi kumeta mpala wosalala. Chimene analibe ndi makutu. Maloto ake onse anali obwerera kumtunda, kukavala malaya oyera ndi kumeta masaya ofiira, ndipo aliyense wovala yunifomu ankamunyengerera kuti akamunenereko kwa mzunguyo.

2. Zimene Germano sankadziwa

Mwa anthu amene ankabwera pa bulugamu paja munali Che Issufo, mlimi wa nyemba wa ku Chimbonila. Anali wamtali, wa mapewa aakulu, wosalankhulalankhula. Ankabwera Lachinayi, kawiri pa mwezi, kuti Lachisanu akalowe mu mzikiti mutu uli woyera. Mkazi wake, Abiti Mariamo, ankatsala mumsika ndi nyemba, khanda lili kumsana.

Mutu ankameta mpala, koma ndevu zake zinali zambiri, ndipo zinkayambira pamwamba penipeni pa khutu, pomwe kofia yake inkathera. Germano ankaseka kuti munthuyo akuoneka ngati wamanga chibwano ndi chikopa cha mbuzi.

Inu owerenga ndikuuzani chifukwa chake, kuti muone bwino kupusa kumene kukubwera.

Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, Che Issufo anagwidwa kwawo kunyanja n'kutengedwa ku chibalo, ntchito yokakamiza yomanga msewu. Nthawiyo anali ndi dzina lina, ndipo analibe ndevu. Tsiku lina sipayi wina, wapolisi wa boma, dzina lake Luís, anamumenya ndi lamba chifukwa chothandiza nkhalamba imene inagwa ndi dengu la miyala. Chitsulo cha lambayo chinamung'amba patsogolo pa khutu la kumanzere. Iye anatola mpini wa fosholo, anathyola nawo phewa la sipayiyo, n'kulowa m'tchire.

Bala linapola, koma linasiya chipsera chopindika ngati mbedza. Asipayi onse a m'chigawocho anauzidwa kuti afune munthu wa chipsera chotero. Womenya sipayi akagwidwa, chimene chinkamudikira ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera zikhato, mpaka manja kuphulika, kenaka ulendo wa kuzilumba zakutali kumene anthu sankabwerako.

Pachipsera sipamera tsitsi. A Pascoal anachipeza ndi chala tsiku loyamba limene munthuyo anakhala pa mpando wawo, ndipo sanafunse kanthu. Anangosiya ndevu za pamwamba pake kuti zikule, n'kumazipesa chotsitsa kuti zizivundikira malowo. Patapita chaka, Che Issufo anawafotokozera yekha. Mkhristu ndi Msilamu anasungirana nkhaniyo zaka zonsezo, Che Issufo n'kukwatira, n'kubereka ana atatu, n'kumalima nyemba zake mwamtendere.

Ufulu wake wonse unali pa kagawo ka ndevu kosaposa chala chimodzi kutalika. Ndipo mwezi wa Juni, chaka cha 1957, sipayi uja Luís anasamutsidwira ku Vila Cabral.

3. Malangizo a amalume

Lachitatu masana kunabwera uthenga wakuti apongozi a a Pascoal amwalira ku Lione. Panalibe kuchitira mwina, anayenera kupita ndi kusiya mpando m'manja mwa Germano. Asananyamuke anamukhazika pabenchi, iwo n'kuima patsogolo pake chipewa chili m'manja.

"Tamvera, iwe mwana wa mlongo wanga," anatero. "Munthu wa tsitsi savuta. Ndevu zake zimakalumikizana ndi tsitsi zokha, wometa alibe choganiza. Koma munthu wa mpala, ndevu zake zilibe pogwira kumwamba. Ndiwe wometa amene umanena kuti ziyambire apa, ndipo ukanena ndi lumo, wanena basi. Lumo limatsika, silikwera. Ukasiya pamwamba, mwiniwake akadandaula udzatsitsa. Nanga ukatsitsa, akadandaula udzatani? Udzamata ndi phala?

"Choncho usamayambe ndi lumo. Yamba ndi chipewa cha munthuyo. Muuze avale kofia yake, uone pomwe yathera, chifukwa anthu adzamuona atavala, osati atakhala pa mpando wako. Ukatero umufunse mwiniwake. Nkhope ndi yake. Iwe amangokubwereka kwa kanthawi."

Germano ankayang'ana kumbali, uku akuchotsa litsiro m'zikhadabo ndi kamtengo. A Pascoal anaona, koma anapitiriza.

"China ndi ichi. Chala chizitsogola, lumo lizitsatira. Chala chikakhudza kanthu kamene maso sanaone, imitsa dzanja. Ife ometa timadziwa mitu ya anthu kuposa akazi awo. Wina ali ndi chotupa, wina mphini za mankhwala, wina chizindikiro cha ndewu ya paunyamata. Ine ndameta zaka makumi awiri ndi zinayi pamtengo uno, ndipo palibe amene anamvapo kwa ine zimene zili pamutu pa mnzake. Anthu sabwera pano chifukwa lumo langa ndi lakuthwa. Malumo akuthwa ali paliponse. Amabwera chifukwa munthu akapereka khosi lake kwa ine amadzuka ali yemwe uja."

Kenaka anatsitsa mawu. Anati mawa kubwera Che Issufo. Mutu amumete mpala monga mwa nthawi zonse, koma ndevu asazikhudze kumwamba ngakhale pang'ono, makamaka mbali ya kumanzere. Azipese chotsitsa, adule nsonga za kuchibwano zokha, basi.

Germano anafunsa chifukwa chake, milomo atayipotoza.

"Ndikanakuuza ukanakhala ndi pakamwa potseka," anayankha a Pascoal. "Koma iwe umathamangira asipayi kuti akumve Chipwitikizi chako, ndipo munthu wofuna kumveka amanena ndi zosafunsidwa zomwe. Sindikukupempha kuti umvetse. Ndikukupempha kuti umvere. Ukaona kuti sungathe, umuuze adikire ndibwere Loweruka. Palibe amene anafapo ndi tsitsi la masiku awiri."

Germano anavomera ndi mutu. Amalume ake atangokhota pangodya ya msika, anauza mayi wogulitsa makala kuti tsobola wakale sawawa. Mayiyo anapitiriza kuunjika makala ake.

4. Lachinayi

Kunacha ndi chisanu choluma zala, ndipo nkhungu sinachoke mpaka dzuwa litakwera. Germano anafika atavala malaya ake a Lamulungu. Anameta alimi awiri ndi mnyamata wina wa pasitolo, onse akumuuza kuti dzanja lake ndi lopepuka. Mutu unakula.

Che Issufo anafika cha m'ma teni. Ataona kuti a Pascoal palibe, anaima kaye. Atamva za maliro anapepesa, n'kunena kuti adzabweranso mlungu wamawa.

Zimenezi zinamupweteka Germano. Mlimi wa nyemba kukana dzanja la balubeyiro? Anaimika mpando bwino, anaupukuta ndi nsalu, n'kunena bodza limene linawononga zonse: anati amalume anamufotokozera zonse za mutu wawo, palibe chimene anabisa.

Che Issufo anamuyang'ana nthawi yaitali. Anaganiza kuti ngati a Pascoal anamukhulupirira mwanayu, iye ndani kuti akane. Anavula kofia, anayiika pabondo, n'kukhala.

Germano anapaka sopo m'mutu n'kuyamba kumeta kuchokera pamphumi. Anali atafika pakati pamene kunamveka belu la njinga. Anali Luís, atavala kabudula wa kaki ndi chipewa chofiira, lamba wake wamkulu ali m'chiuno. Phewa lake limodzi linali lotsika kuposa linzake.

Germano anali atamupeza kawiri mlungu umenewo n'kumupempha kuti akamunenere kwa mzungu wometa, popeza Luís ankapita kumeneko kukasiya makalata. Lero sipayiyo anati wabwera kudzaona yekha ngati mnyamatayo ali ndi dzanja, chifukwa mzunguyo akufunadi munthu wodziwa lumo. Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kukhala pabenchi, kumanzere kwa mpando.

Che Issufo anamuzindikira pomwepo. Khosi lake linauma gwa, moti Germano anamudzudzula kuti asalimbitse thupi ngati mwana woopa jekeseni. Sakanatha kudzuka mutu uli theka sopo, theka tsitsi, popanda sipayiyo kudabwa. Anangotsitsa maso n'kugwira kofia yake ndi manja awiri. Ndevu zinali m'malo mwake, ndipo Luís sanaone kanthu koma mlimi wamba.

Mpala utatha, Luís anayamikira kuti ndi wosalala. Kenaka analoza ndevu zija ndi chibwano n'kuseka. Anafunsa ngati imeneyo ndi ntchito imene Germano akufuna kukaonetsa kumtunda, tchire loyambira pamwamba pa khutu ngati munda wosapalira.

Germano sanafune kunyozeka. Anayankha m'Chipwitikizi chake chothyokathyoka kuti imeneyo si ntchito yake. Anati ndi amalume ake amene amameta munthuyu motero, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, ndipo salola wina aliyense kukhudza ndevuzo, makamaka mbali ya kumanzere. Anati nkhalamba zili ndi miyambo yopanda mutu. Palibe amene anamufunsa zonsezo, anangozikhuthula yekha.

Atatero anatulutsa pepala lake lija n'kulifunyulula. Panali chithunzi cha mzungu wa dazi, ndevu zake zoyambira kumunsi kwa khutu, tsaya lonse la pamwamba lili mbee. Luís anati eya, kumeta ndi kumeneko.

5. Mbali ya kumanzere

Germano sanafunse mwini nkhope. Sanamuuze kuti avale kofia. Anapita kumanja kwa mpando, anapaka sopo, ndipo ndi mikwapulo itatu ya lumo anatsitsa ndevu kuchokera pamwamba pa khutu mpaka kumunsi kwake.

Che Issufo anamva mphepo yozizira pa tsaya pamene sipanamve mphepo kwa zaka zambiri. Anagwira dzanja la Germano n'kumukokera pafupi, ndipo analankhula motsitsa kuti sipayi asamve.

"Mwana wanga, walakwitsa, koma palibe kanthu. Mbali inayi isiye. Ndipita choncho, anthu andiseke. Ndakupempha m'dzina la amalume ako."

Apa ndi pamene Germano akanatha kukhala munthu. Akanati lumo labuntha, kapena sopo watha, kapena chilichonse. Mabodza sankamusowa. Koma anacheukira pabenchi n'kuona Luís akumwetulira, ndipo anaganiza za malaya oyera a kumtunda. Munthu achoke pa mpando wake ndevu zili chokwera mbali imodzi, sipayi akuona? Kwa Germano, manyazi amenewo anali aakulu kuposa pempho la bambo wa ana atatu.

Anachotsa dzanja lake mwamphamvu n'kuuza Luís, akuseka, kuti anthu a kumudzi amaopa kukongola. Anazungulira kupita kumanzere. Anakanikiza mutu wa Che Issufo ndi chikhato n'kuupendeketsa, lumo lili kale pa tsaya.

Chala chake chamanthu chinalowa m'ndevu kuti chikoke khungu, ndipo chinakhudza kanthu kolimba, kotukuka, kopindika. Anachimva bwinobwino. Mawu a amalume ake anamufika m'makutu monga anawanenera dzulo lake. Dzanja linaima kamphindi.

"Wayamba kunjenjemera, balubeyiro?" anafunsa Luís.

"Musagwedezeke, bambo, ndingakuchekeni," anatero Germano, ndipo lumo linatsika.

Ndevu zinagwera pa phewa n'kutsetserekera pansi. Chipsera chinaonekera chonse, chotuwa, chopindika ngati mbedza, dzuwa likuwala pomwepo.

Luís anasiya kuseka. Anayang'ana tsayalo, anayang'ana mapewa a munthuyo, kenaka dzanja lake linapita lokha kukagwira phewa lake lotsika lija. Sanakuwe ndipo sanamugwire. Anali yekha, msika unali wodzaza ndi alimi, ndipo mphamvu za munthu ameneyu ankazidziwa kale. Amuna a lamba amalimba mtima akakhala atatu. Anangoti wakumbukira kalata ina yofunika, anakwera njinga n'kupalasa cha kumtunda, osaimbanso belu.

Germano anadabwa, n'kukhumudwa kuti sipayiyo wachoka osanena za ntchito ija. Anapereka kagalasi kwa Che Issufo, monga amachitira ometa.

Che Issufo anadziyang'ana. Anavala kofia yake n'kuikokera pansi ndi manja onse awiri, koma kofia inathera pamwamba pa khutu, pomwe inkathera masiku onse. Pakati pa kofia ndi ndevu panatsala khungu lopanda chobisa.

"Sanakuuze," anatero pang'onopang'ono. "Unandinamiza kuti anakuuza, ine n'kukhala. Tamvera tsono, uzidziwe. Chipsera ichi anandipatsa ndi munthu wakwera njingayo, ndipo phewa lakelo ndinathyola ndine. Amalume ako anandisunga zaka zisanu ndi chimodzi ndi chipeso chokha. Iwe wandipereka m'mawa umodzi chifukwa cha chithunzi cha m'zinyalala. Ukanandigulitsa chifukwa cha njala ndikanakumvetsa, njala ndimaidziwa. Koma iwe wandigulitsa kuti munthu akuuze kuti umatha. Chabwino, umatha. Sunandicheke ngakhale pang'ono."

Anaika kagalasi pa mpando mosamala, osakaponya. Kuseri kwa bulugamu kunali nkhalango ya paini, ndipo akanathamangira kumeneko mwina akanapulumuka. Koma Abiti Mariamo ndi khanda anali mumsika, osadziwa kanthu. Analowera kumsika.

6. Chingwe

Germano anatsala ataima, lumo lili m'manja. Anafuna kusesa ndevu zinali pansi, koma tsache linamukanika kugwira. Mlimi wina amene ankadikira pabenchi anadzuka, anavala chipewa chake n'kuchoka osatsanzika.

Njinga imathamanga kuposa munthu wa mkazi ndi mwana. Ola lisanathe, kumsika kunamveka phokoso, kenaka kunakhala zii.

Asipayi anadutsa ndi Che Issufo njira ya pa bulugamu pomwepo, chifukwa ndiyo yopita kumtunda. Anali anayi. Manja a Che Issufo anali omangidwa kumbuyo, chingwe china chili m'chiuno. Kofia inali itagwa kwina, ndipo mpala umene Germano anaumeta mosalala uja unali ndi magazi. Sanayang'ane ku mpando.

Pambuyo pawo pankabwera Abiti Mariamo, khanda likulira kumsana, nyemba atazisiya mumsika. Atafika pamtengo anaima. Anayang'ana ndevu za mwamuna wake zili m'fumbi, anawerama, anazitola zonse n'kuzimanga pa nsonga ya chitenje. Kenaka anamuyang'ana Germano kuyambira kumapazi mpaka ku malaya ake a Lamulungu.

"Mwameta bwino, a balubeyiro," anatero, n'kutsatira chingwe.

Mayi wa makala uja analavula pansi n'kutembenuzira mpando wake kwina. Ogulitsa nyemba, amene Germano ankafuna kuti azimumva akamati patilya, tsopano onse ankamuyang'ana, ndipo iye analakalaka nthaka itang'ambika. Anatulutsa pepala lake, analiyang'ana, n'kulifinya m'dzanja. Mzungu wa pachithunzi uja analibe choti amuuze. Kwa nthawi yoyamba chibadwire Germano anachita manyazi enieni, ndipo anachita mantha poganiza zimene adzanene kwa amalume ake Loweruka.

Masana onse palibe amene anakhala pa mpando. Anthu ofuna kumeta ankafika, ankamva nkhaniyo kwa mayi wa makala, n'kubwerera ndi tsitsi lawo.

Dzuwa litapendeka, belu la njinga linalira. Luís anatsika ali wosangalala ngati munthu wochokera ku ukwati. Anavula chipewa chofiira, anachikoleka pa msomali wa lamba wonolera, n'kudzikhazika pa mpando wa a Pascoal miyendo atatambasula. Anati Germano asade nkhawa, za ntchito ija akanena ndithu, chifukwa mnyamata wothandiza boma sasowa malo.

Germano anamupaka sopo. Luís anatseka maso n'kupereka khosi.

"Paja unati chiyani m'mawa muja?" anafunsa sipayiyo, maso ali chitsekere. "Zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo salola wina kukhudza mbali ya kumanzere? Akuluakulu kumtunda ayikonda nkhani imeneyo. Akufuna kumuona munthu amene amadziwa kubisa zipsera za othawa."

Anatsegula diso limodzi.

"Amalume ako abwera liti kuchokera ku Lione?"